Kapezedwe ka chotsala pogawa polynomial popanda kugawa kwa njira yaitali

Funso likati "pezani chotsala pamene 2x³ − 5x² + 4x − 7 yagawidwa ndi x − 3", ophunzira ambiri amangoyamba kugawa kwa njira yaitali. Amadzaza theka la tsamba, kuchulukitsa, kuchotsera, kutsitsa, kuchulukitsanso, ndipo penapake pakati mainasi imodzi imasowa osadziwa. Chikhalirecho funsolo silinafunse yankho lonse la kugawako. Langofunsa chotsala basi, ndipo chotsalacho mutha kuchipeza m'mizere itatu pogwiritsa ntchito lamulo lotchedwa remainder theorem.

Polynomial ndi mndandanda wa ma x a mphamvu zosiyanasiyana pamodzi ndi nambala, monga 2x³ − 5x² + 4x − 7 ija (mphamvu ndi kanambala kakang'ono kapamwamba pa x), ndipo mwachidule timailemba f(x). Lamuloli likuti: mukagawa polynomial f(x) ndi x − a, pomwe a ndi nambala iliyonse, chotsala chimakhala f(a). Ndiko kuti, paliponse pamene pali x muikepo a, muwerengere, nambala imene yatulukayo ndiye chotsala. M'mabuku ena lamuloli limatchulidwa ndi dzina la Étienne Bézout, katswiri wa masamu wa ku France amene anabadwa mu 1730 n'kumwalira mu 1783.

Ndikupemphani kuti musathamangire kuloweza chiganizo chimenechi musanaone kumene chimachokera. Amene amangoloweza ndi amene amasokonezeka chogawira chikangosintha maonekedwe pang'ono.

Chifukwa chake lamuloli limagwira ntchito

Tiyambe ndi nambala wamba. Mukagawa 17 ndi 5, yankho ndi 3 ndipo patsala 2. Zimenezi tikhoza kuzilemba mumzere umodzi: 17 = 5 × 3 + 2. Chogawidwa chimafanana ndi chogawira kuchulukitsa ndi yankho, kuphatikiza chotsala. Kugawa kulikonse kumalembeka chonchi, ndipo ma polynomial nawo ndi chimodzimodzi:

f(x) = (x − a) × Q(x) + R

Apa Q(x) ndi yankho la kugawako, R ndi chotsala. Taonani kuti R ndi nambala chabe, mulibe x. Chifukwa chake n'chakuti pogawa timapitirizabe mpaka zotsala zikhale ndi mphamvu ya x yocheperapo kuposa ya chogawira. Chogawira chathu x − a chili ndi x wa mphamvu 1, choncho chotsala chiyenera kutsikira pansi pa pamenepo, ndipo pansi pa mphamvu 1 pali nambala yokhayokha.

Mzere uli pamwambawu ndi woona pa nambala iliyonse imene mungaike m'malo mwa x. Ndiye tiyeni tisankhe mwanzeru. Tikaika a, bulaketi ya x − a isanduka a − a, yomwe ndi ziro. Ziro kuchulukitsa ndi chilichonse ndi ziro, kaya Q(x) ndi yaitali bwanji, kaya sitikuidziwa n'komwe. Gawo lonselo lafafanizika, ndipo chatsala ndi f(a) = R.

Chinsinsi chonse ndi chimenechi. Tikufuna nambala imene imasandutsa chogawira kukhala ziro. Mukagwira mfundo imodzi yokhayi, zonse zimene zikubwera m'munsimu zikhala zopepuka.

Choyamba: fananitsani chogawira ndi ziro

Tibwerere ku funso loyamba lija, logawa 2x³ − 5x² + 4x − 7 ndi x − 3. Musayambe ndi polynomial yaikuluyo. Yambani ndi chogawira. Lembani x − 3 = 0, ndipo mupeza x = 3. Kulemba mzere umenewu kumaoneka ngati kutaya nthawi chifukwa yankho likuonekeratu, koma ulembeni ndithu nthawi zonse. Ndi mzere umenewu umene udzakupulumutseni pa x + 2 ndi pa 2x − 1.

Chachiwiri: lowetsani nambalayo, muikulunge m'mabulaketi

f(3) = 2(3)³ − 5(3)² + 4(3) − 7

Chachitatu: werengerani mphamvu kaye, kenako kuchulukitsa, pomaliza kuphatikiza ndi kuchotsera

3³ ndi 27, ndipo 3² ndi 9. Ndiye tili ndi 2 × 27 − 5 × 9 + 12 − 7, zomwe ndi 54 − 45 + 12 − 7. Kuyambira kumanzere: 54 kuchotsa 45 patsala 9, kuphatikiza 12 ndi 21, kuchotsa 7 ndi 14. Chotsala ndi 14.

Kamodzi kokha, gawani funso lomweli mwa njira yaitali kuti maso anu aone okha. Mupeza yankho 2x² + x + 7, ndipo pansi penipeni patsala 14 yemweyo. Munthu akadzionera yekha kamodzi chonchi sakayikiranso lamuloli.

Pamene ambiri amagwera: chogawira chokhala ndi pulasi

Tiyerekeze kuti f(x) = x³ + 4x² − x + 6 ndipo chogawira ndi x + 2. Diso limaona 2, dzanja n'kulemba f(2). Kulakwa kumeneku n'kofala kwambiri, ndipo kumapweteka chifukwa masamu ena onse otsatira amakhala olondola, koma yankho n'kukhala labodza. Bwererani ku mzere woyamba uja: x + 2 = 0, choncho x = −2. Mukaika 2 mu x + 2 mupeza 4, osati ziro, ndiye Q(x) sifafanizika, ndipo chimene mungapeze sichikhala chotsala.

f(−2) = (−2)³ + 4(−2)² − (−2) + 6

Apa tiyende pang'onopang'ono. (−2)³ ndi −2 × −2 × −2. Awiri oyambawo apereka 4, ndipo 4 × −2 ndi −8. (−2)² ndi 4, kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Kenako pali −(−2), mamainasi awiri ogundizana, omwe asanduka +2. Tsono −8 + 16 + 2 + 6 = 16. Chotsala ndi 16. Amene anaika 2 apeza 28, ndipo palibe chilichonse pa pepala lake chimene chingamuchenjeze kuti wasochera.

Mabulaketi aja si zokongoletsera. Pa makalikuleta ambiri a sayansi, mukalemba −2² popanda mabulaketi yankho limabwera −4, chifukwa makinawo amayamba kuwerengera 2² kenako n'kuikapo mainasi kutsogolo. Mukalemba (−2)² yankho limabwera 4. Makinawo sanalakwitse, amachita zimene mwawauza. Choncho nambala ya mainasi iliyonse imene mukulowetsa muikulunge, kaya ndi pa pepala kaya pa kalikuleta.

Pali kanthu kena kothandiza kukumbukira. Nambala ya mainasi ikakwezedwa ku mphamvu yogawika ndi 2, monga 2, 4, 6, mainasi imachoka. Ikakwezedwa ku mphamvu yosagawika ndi 2, monga 1, 3, 5, mainasi imakhalapobe. Ndi kanthu kameneka mutha kuyankha funso looneka loopsa ngati ili: chotsala n'chiyani pogawa x¹⁰⁰ + 3x⁵¹ − 2 ndi x + 1? Kugawa kwa njira yaitali kungafune mizere yoposa zana. Koma x = −1, ndiye (−1)¹⁰⁰ ndi 1, (−1)⁵¹ ndi −1, choncho 1 − 3 − 2 = −4.

Inde, chotsala ndi −4, ndipo musachikonze. Ku nambala wamba tinazolowera kuti chotsala sichikhala cha mainasi ndipo sichiposa chogawira. Ku ma polynomial zimenezi sizigwira. Chotsala chikhoza kukhala cha mainasi, fulakishoni, kapena nambala yaikulu zedi. Kuchepa kwake kumayezedwa ndi mphamvu ya x, osati kukula kwa nambalayo.

Kutsogolo kwa x kukakhala nambala

Chogawira ngati 2x − 1 sichikufanana ndi x − a m'maonekedwe, ndipo oloweza aja amaimira pomwepa. Inu ingochitani zomwe zija: 2x − 1 = 0, ndiye 2x = 1, x = 1/2. Tigawe 4x³ − 2x² + 6x + 1.

f(1/2) = 4(1/8) − 2(1/4) + 6(1/2) + 1 = 1/2 − 1/2 + 3 + 1 = 4

Chotsala ndi 4. Musachigawe ndi 2 kapena kuchichulukitsa ndi 2 poganiza kuti nambala ya kutsogolo ija ikufunika kubwezeredwa penapake. Umboni ndi uwu: (2x − 1)(2x² + 3) ndi 4x³ − 2x² + 6x − 3, ndipo kuti mufike pa polynomial yathu, imene ikuthera ndi +1, mukufunika kuwonjezera 4 ndendende.

Chogawira chikakhala 3x + 2, x ndi −2/3. Chikakhala 5 − x, x ndi 5. Chikakhala x yekha, x ndi ziro, ndipo chotsala ndi nambala yakumapeto ya polynomial ija. Mafulakishoni monga −2/3 asiyeni momwemo, musawasandutse 0.67, chifukwa mukawadula chonchi yankho limachoka pamalo pake.

Njira yachidule yowerengera f(a)

Mphamvu zikakula, kuwerengera 2⁴ payokha, 2³ payokha, kenako kuchulukitsa chilichonse, kumatopetsa. Pali njira ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imangofuna zinthu ziwiri zobwerezabwereza: chulukitsani, phatikizani. Imadziwika ndi dzina la William George Horner, amene anaifalitsa ku England mu 1819, ngakhale kuti akatswiri a ku China ankaigwiritsa ntchito kale kwambiri. Qin Jiushao anailemba mu 1247. M'makalasi ambiri imatchedwa synthetic division.

Tigawe 3x⁴ − 2x² + 5x − 9 ndi x − 2.

Lembani nambala zimene zili kutsogolo kwa ma x, kuyambira mphamvu yaikulu kutsika m'munsi. Apa mpofunika kusamala. Polynomial yathu ilibe x³. Malo akewo musawadumphe, ikanipo ziro. Mndandanda ukhala 3, 0, −2, 5, −9.

Tengani nambala yoyamba, 3. Ichulukitseni ndi 2, phatikizani nambala yotsatira: 3 × 2 + 0 = 6. Yankholo lichulukitseninso ndi 2, phatikizani yotsatira: 6 × 2 − 2 = 10. Pitirizani: 10 × 2 + 5 = 25. Komaliza: 25 × 2 − 9 = 41. Nambala yomalizayi ndiye chotsala. Tiyese mwa njira yoyamba ija: 3 × 16 − 2 × 4 + 10 − 9, zomwe ndi 48 − 8 + 10 − 9 = 41. Zagwirizana.

Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti nambala zimene munapeza panjira sizitayika. 3, 6, 10 ndi 25 ndi nambala za yankho la kugawako: 3x³ + 6x² + 10x + 25. Mwapeza chotsala, mwapezanso yankho lonse, mumzere umodzi.

Mukanaiwala ziro uja n'kulemba 3, −2, 5, −9, mukanapeza 3, 4, 13, 17, ndipo 17 ameneyo ndi chotsala cha polynomial ina, osati yathuyi. Musanayambe, werengani nambala zanu. Ngati mphamvu yaikulu ndi 4, zikhale zisanu. Ngati ndi 3, zikhale zinayi. Komanso funso likalemba polynomial mosokonekera, monga 5x − 9 + 3x⁴ − 2x², yambani mwaikonza kaye m'ndondomeko.

Funso likatembenuzidwa

Pa mayeso lamuloli kawirikawiri limabwera chododometsa. Amakupatsani chotsala, n'kubisa nambala imodzi mkati mwa polynomial. Mwachitsanzo: x³ + kx² − 3x + 5 ikagawidwa ndi x − 2 patsala 11, pezani k.

Palibe chatsopano. Lowetsani 2 monga mwa nthawi zonse, k mumusiye momwemo: 8 + 4k − 6 + 5, zomwe ndi 4k + 7. Lamulo likuti ichi ndiye chotsala, ndipo funso likuti chotsala ndi 11. Ndiye 4k + 7 = 11, 4k = 4, k = 1.

Zobisika zikakhala ziwiri, funso liyenera kukupatsani mfundo ziwiri. Nachi chitsanzo: x³ + ax² + bx − 4 ikagawidwa ndi x − 1 patsala 2, ikagawidwa ndi x + 2 patsala −4. Mfundo yoyamba ipereka 1 + a + b − 4 = 2, ndiko kuti a + b = 5. Yachiwiri ipereka −8 + 4a − 2b − 4 = −4, ndiko kuti 4a − 2b = 8, ndipo tikagawa zonse ndi 2 tipeza 2a − b = 4. Phatikizani ma equation awiriwa, b achoka yekha: 3a = 9, a = 3, ndiye b = 2.

Mukamaliza funso la mtundu uwu bwezerani mayankho anu m'malo mwake muone. x³ + 3x² + 2x − 4 pa x = 1 ipereka 1 + 3 + 2 − 4 = 2. Pa x = −2 ipereka −8 + 12 − 4 − 4 = −4. Zonse ziwiri zakwana. Kuyesaku sikutenga mphindi imodzi, ndipo mumachoka pa funsolo mtima uli m'malo.

Chotsala chikakhala ziro

Mukagawa 15 ndi 5 sipatsala kanthu, ndipo timati 5 ndi factor ya 15. N'chimodzimodzi kuno. Ngati f(a) = 0, ndiye kuti x − a imagawa f(x) popanda chotsala. Ichi ndi chimene mabuku amachitcha factor theorem, ndipo monga mukuonera ndi lamulo lomwe lija, kungoti chotsala chake chapezeka kuti ndi ziro.

Ndi pamenepa pamene lamuloli limagwira ntchito yaikulu. Tengani x³ − 7x + 6. Kuti muiphwanye m'mabulaketi, yesani nambala zimene zimagawa 6 wakumapetoyo: 1, 2, 3, 6 pamodzi ndi za mainasi zake. Musayese 4 kapena 5, sizingatheke. f(1) = 1 − 7 + 6 = 0, ndiye x − 1 ndi factor. f(−1) = −1 + 7 + 6 = 12, imeneyi ayi. f(2) = 8 − 14 + 6 = 0, x − 2 ndi factor. f(−3) = −27 + 21 + 6 = 0, x + 3 nayo ndi factor. Zakwana zitatu, ndipo polynomial ya mphamvu 3 singapose pamenepa, choncho x³ − 7x + 6 = (x − 1)(x − 2)(x + 3).

Ndingowonjezerapo kanthu kena kamene kamandisangalatsa nthawi zonse. Mwina munaphunzira kuti nambala imagawika ndi 9 ngati manambala ake ataphatikizidwa agawika ndi 9. Lamulo limeneli likuchokera pomwepa. 5472 ndi 5x³ + 4x² + 7x + 2 pamene x ndi 10, ndipo 9 ndi x − 1. Chotsala pogawa ndi x − 1 ndi f(1), komwe ndi kungophatikiza 5 + 4 + 7 + 2 = 18. Gawo lina lonse ndi lochulukitsidwa ndi 9 kale, ndiye popeza 18 imagawika ndi 9, nayo 5472 igawika: 9 × 608.

Chogawira chikakhala ndi x²

Remainder theorem monga taiona imanena za chogawira cha x wa mphamvu 1. Chogawira chikakhala ngati x² − 1, musayembekezere nambala imodzi. Chotsala tsopano chikhoza kukhala ndi x wa mphamvu 1, choncho timachilemba px + q, pomwe p ndi q ndi nambala zoti tizipeze. Maganizo ake ndi omwe aja a poyamba: funani nambala zimene zimasandutsa chogawira kukhala ziro. Apa zilipo ziwiri, chifukwa x² − 1 ndi (x − 1)(x + 1).

Tigawe x⁵ − 2x² + 3 ndi x² − 1. Lembani:

x⁵ − 2x² + 3 = (x² − 1) × Q(x) + px + q

Ikani x = 1. Kumanzere kupereka 1 − 2 + 3 = 2. Kumanja gawo la Q(x) lafafanizika, patsala p + q. Ndiye p + q = 2. Ikani x = −1. Kumanzere kupereka −1 − 2 + 3 = 0, kumanja −p + q. Ndiye −p + q = 0. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 2q = 2, q = 1, ndipo p = 1. Chotsala ndi x + 1.

Mafunso ena sakuuzani n'komwe polynomial yeniyeniyo. Amangoti ikagawidwa ndi x − 1 patsala 5, ikagawidwa ndi x − 3 patsala 9, pezani chotsala ikagawidwa ndi (x − 1)(x − 3). Musadandaule kuti f(x) simukuidziwa. Mwauzidwa kale kuti f(1) = 5 ndi f(3) = 9, ndipo zimenezi n'zokwanira. p + q = 5, 3p + q = 9. Chotsani yoyamba mu yachiwiri: 2p = 4, p = 2, q = 3. Chotsala ndi 2x + 3, ndipo mukaikamo 1 mupeza 5, mukaikamo 3 mupeza 9, monga funso linanenera.